Chaka Chimene Ndinaletsa Amayi a ku Betelehemu Kulira

Lamulungu, 19 Novembala 2023

Tagawa mbali za sewero la Khirisimasi titatuluka m'Sande sukulu. Ana ambiri kuposa chaka chatha, phokoso ngati mumsika wa Mbayani. Chaka chilichonse ndimanena kuti chino n'chomaliza, ndakula, apatseni achinyamata. Chaka chilichonse a Marjorie, amene timaphunzitsa nawo ana, amangoseka n'kundipatsira choko.

Mariya ndi Joan. Yosefe palibe womufuna, akuti sayankhula. Anyamata onse akulimbirana usilikali. Herode ndi Marvin, wa Sitandade 7, wayamba kale kuyenda chotukula mimba. Tisungeni, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, wakana ungelo. Akufuna kukhala mmodzi wa amayi a ku Betelehemu, olira aja asilikali akawalanda ana. Wationetsa pomwepo. Chitenje m'chiuno, manja kunkhongo, "Mayo ine, ndatsala ndekha ine!" Ndendende agogo ake pamaliro. Tinaseka mpaka misozi. Mpingo wathu umadikira pamenepa chaka chonse. Angelo angaimbe bwino chotani, anthu amabwerera Herode ndi olira ake.

Yesu yekha sitisankha. Mwambo wa mpingo uno, m'chodyeramo ng'ombe mumagona mwana weniweni, wamng'ono kuposa onse mumpingo. Chidole ayi. Chaka chino aliyense akudziwa kale. Mwana wanga Zione ndi woyembekezera, masiku ake ndi kumayambiriro kwa Disembala. Ana akumutcha amake Yesu. Iye amangogwira msana n'kuseka.

Loweruka, 25 Novembala

Ndatsitsa chodyeramo ng'ombe kudenga. Fumbi, zitosi za makoswe, mwendo umodzi ukugwedera. Ndi bokosi la tomato lomwe lija ndinalikhomera miyendo chaka chimene Zione anabadwa. Woyamba kugonamo anali iye, asanakwane miyezi iwiri. Analira mpaka mngelo anaiwala mawu ake, mkazi wanga Ellen anachita kukwawa kuseri kwa nsalu kukamuyamwitsa. Tinali ana ifenso nthawi imeneyo. Suti yanga inali yobwereka.

Misomali yakwera mtengo, monga china chilichonse mwezi uno. Ndawongola yakale pamwala.

Ana anadzayeserera pabwalo pathu pano, pansi pa mtengo wa mapeyala. Joan anafunsa kuti nanga mwana wa anti Zione akakhala wamkazi, Yesu akhala ndani. Ndinamulozera Zione pakhonde, ndi mimba yakeyo, kuti Yesu wa 1997 ndi uyo. Sanakhulupirire mpaka Ellen anatulutsa chithunzi.

Zione akusoka kansalu koyera koyala m'bokosimo, ulusi wabuluu m'mphepete. Raphael, mwamuna wake, waimba kuchokera ku Joni. Tchuthi amupatsa pa Isitala. Akuti tidzamujambulire sewero lonse pa foni, tisadzadule ngakhale pang'ono.

Lolemba, 4 Disembala

Anyamuka m'mamawa, Zione ndi mayi ake, pa takisi ya a Bennet. Beseni, zitenje, fulasiki ya tiyi. Pachipata anatembenuka, nkhope ili thukuta lokhalokha: "Adadi, mwendo wa bokosi uja mwaulimbitsa? Musadzandigwetsere mwana."

Kuntchito ku Ginnery Corner sindinagwire kanthu kooneka. Foni patebulo, maso pa foni. Masana mvula, yoyamba yeniyeni. Pobwerera ngumbi zili mbwee pa magetsi a m'misewu, ana akuthamanga ndi mbale.

Lachiwiri, 5 Disembala

Ellen waimba. Zione ali bwino, ndisauze anthu. Ndinafunsa za mwana. Anati adzanena akabwera, n'kudula.

Sanafunikenso kunena.

Lachisanu, 8 Disembala

Anabwera dzana. Zione analowa kuchipinda chake osayang'ana munthu. Beseni lomwelo, zitenje zomwezo, manja opanda kanthu.

Amati mtayo. Mwana amene sanalire saliridwa. Ndakhala ndikumva mawu amenewa moyo wanga wonse, osadziwa kuti ali ndi kulemera kotere. Bokosi la maliro palibe, uthenga palibe, nyimbo palibe. Kukamuika anapita amayi achikulire okhaokha, Ellen ndi anzake a Mvano, m'mawa anthu asanachuluke m'njira. Amuna sitipita. Dzenje losaya, akuti likazama mayi sadzaberekanso. Ndipo mayiyo asalire. Akalira akuti atseka njira ya enawo.

Ndinafunsa Ellen kuti anakamuika kuti. Anati si za amuna. Ndinafunsa kuti nanga anali mwana wanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ouma gwaa, n'kunena kuti ndisamuvutitse, nayenso ndi munthu.

Mdzukulu wanga woyamba. Sindikudziwa ngati anali mnyamata kapena mtsikana.

Lamulungu, 10 Disembala

Pa zolengeza anatchula odwala, ukwati wa pa 23, ndi kuti zopereka za masika zikadali kulandiridwa. Za ife ayi. Ndikudziwa kuti sakanatchula. Komabe khutu linali tcheru mpaka kumapeto.

Abusa anandigwira dzanja pakhomo, analifinya pang'ono kuposa masiku onse. Amayi ena akandiona akuweramira ana awo. Palibe woipa mtima. Aliyense akuchita monga anaphunzitsidwira. Mmodzi yekha anandinong'oneza kuti Zione akadali mwana, adzabereka ena. Ndinathokoza.

M'kalasi a Marjorie anali atawauza kale ana kuti mwana wa anti Zione sanabwere. Ambiri anangoti zii. Tisungeni anakweza dzanja monga amachitira akafuna kupita panja. Anafunsa kuti sanabwere, ndiye ali kuti? A Marjorie anayambitsa kolasi.

Raphael anaimba madzulo. Mwamuna wamkulu, kulira pa foni ngati mwana. Ndinamusiya alire. Iye ali kutali, mwambo sukumufika.

Lachinayi, 14 Disembala

Zione sakudya zooneka. Saloledwa kuthira mchere m'ndiwo, choncho kukhitchini salowa n'komwe. Mbale yake, kapu yake. Amadzuka, kuyala bedi, kukhala pansi. Dzulo anasita malaya anga onse, ngakhale osita kale. Ndikamupatsa moni amayankha bwinobwino, mwaulemu, ngati ndine mlendo wodzafunsa njira.

Mkaka unabwera. Ellen wamumanga chitenje pachifuwa. Thupi lokha ndi limene silinauzidwe kuti tisatchule.

Ndakhala ndikukumbukira mayi anga. Kwathu ku Nsanje, Khirisimasi yotentha mpaka makandulo kupindika, ine msilikali wa Herode, mfuti yanga ya phesi la mapira. Tchalitchi chonse chinkagubuduka ndi phwete tikamalanda atsikana zitsononkho zawo zokulunga m'nsanza. Mayi anga okha ankatuluka. Chaka chilichonse, pamalo omwewo, ati akukaona ngati mbuzi zamasuka. Ndinkakwiya kuti sandionerera. Pakati pa ine ndi mlongo wanga pali zaka zambiri. Ankati mayi anangodwala. Ndafika imvi osawerengera bwino zaka zimenezo.

Loweruka, 16 Disembala

Kuyeserera tasamutsira kutchalitchi, ana asamasokosere Zione.

Ndinafunafuna kansalu koyera kaja, ka ulusi wabuluu, kuti ndikabise asakaone. M'basiketi ya zosoka mulibe. Ellen anandipeza ndikuvundukula. Anati, "Musakafune. Kanagwira ntchito yake." Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Za Yesu zavuta. Wamng'ono kuposa onse tsopano ndi Roy, wa miyezi isanu, wonenepa ngati thumba la shuga. Mayi ake anavomera Lamulungu, lero atumiza mawu kuti ali ndi chimfine. A Marjorie anayesa mabanja ena awiri. Kwina mwana akumera mano, kwina akupita kumudzi. Kenako anandiuza zoona, maso ali pansi: amayi akuopa bokosilo. Linakonzedwera wina, ndipo winayo anapita mmene anapitiramo. Ndinati tikhoza kupeza bokosi lina. Anati afunsa kale, yankho ndi lomwelo.

Choncho chidole. Koyamba chiyambire. Tatenga chimodzi mwa zitsononkho za amayi a ku Betelehemu, tachikulunga m'thawulo. Joan anachinyamula mosamala kwambiri, mpaka ndinayang'ana kumbali.

Lamulungu, 17 Disembala

Ndachotsa gawo la asilikali ndi olira. Ellen akuti pa Khirisimasi Zione akhoza kuyamba kutuluka, ndipo ayenera kutero, anthu amuone kuti ali bwino. Sindingamukhazike pabenchi kuti aonerere ana akulandidwa m'manja mwa amayi awo, mpingo ukuseka. Sindingathe.

Ana ndawauza kuti sewero latalika. Herode adzakwiya, adzaponda pansi, adzatuluka, basi. Atsikana olira aja asanduka angelo owonjezera. Makatoni a mapiko ndikapempha ku golosale. Asilikali adzangoima kumbuyo kwa mfumu.

Marvin anavula chisoti chake n'kuchiika pabenchi. Akuti mfumu yopanda kulamula ndi mfumu yanji. Ndinamukalipira kuposa mmene analakwira. Anachivalanso, milomo ili tutu.

Tisungeni sanatsutse. Anadikira anzake atuluke, n'kubwera kudzaima pafupi ndi bondo langa. Anati agogo ake amuuza kuti mwana wa anti Zione anamwalira, koma asanene. Ndiye anafunsa, motsitsa mawu ngati wamkulu: "Aphunzitsi, nanga maliro ake anali liti? Ife sitinamve kulira." Ndinamukonza kolala ya diresi. Inali yokonzeka kale.

Lachitatu, 20 Disembala

M'tauni nyimbo za Khirisimasi m'sitolo iliyonse, anthu akungoyang'ana mitengo ya zinthu n'kutuluka. Ndinayenda wapansi kudzera ku Sunnyside kuti ndichedwe kufika kunyumba. Mipanda italiitali, mitengo ikudontha madzi. Ndinapezeka ndikuyang'ana malo aliwonse pamene dothi lagalauzidwa kumene. Ngati wamisala. Ngati angamuike m'mbali mwa msewu.

Kunyumba chete. Wailesi yotsitsa. Tonse atatu timayenda ngati m'nyumba muli wogona amene sitikufuna kumudzutsa. Ellen waonda. Amapemphera nthawi yaitali, koma ndikamvetsera akupempherera mvula, boma, odwala m'zipatala. Amazungulira ngati munthu wolambalala chithaphwi.

Ndimaopa kuti Zione akulowa pansi pang'onopang'ono ife tikuona, tonse tili ndi ulemu wathu.

Loweruka, 23 Disembala

Kutchalitchi kunali ukwati, holo yomwe. Kuyeserera komaliza kunalibe kwina kochitikira koma pabwalo pathu. Ndinawachenjeza ana kuti pasakhale phokoso. Anayesetsa. Ngakhale oweta nkhosa, amene amamenyana ndi ndodo zawo nthawi zonse, lero ayi. Nsalu ya pawindo la Zione inali yotseka, koma ndinaona ikugwedezeka.

Atapita ndinamupeza pakhonde, koyamba chibwerere. Atanyamula phiko la katoni limene wina anaiwala, akuwongola pamene lapindika. Anafunsa ngati chaka chino amayi a ku Betelehemu salira. Ndinayankha zomwe ndinauza ana, kuti sewero latalika.

Anapitiriza kuwongola phikolo. Kenako, osandiyang'ana:

"Nawonso mwawaletsa, adadi?"

Anaika phiko pampando n'kulowa.

Lamulungu, 24 Disembala

Sindinauze munthu zimene Zione anandifunsa. Kubweza gawolo nthawi yatha, zitsononkho zinazo tinataya, atsikana ali ndi mapiko kale. Ndipo Ellen angati chiyani? Iye amakhulupirira kuti akuteteza mimba ya mwana wake. Mwina akulondola. Ine ndikudziwa chiyani za zimenezi, mwamuna amene sanaloledwe ngakhale kunyamula khasu?

Chisoti cha Marvin chang'ambika, ndachimata ndi phala la ufa.

Lolemba, 25 Disembala

Ndilembe zonse ndisanaiwale dongosolo lake.

Tchalitchi chodzaza, ana m'mawindo, fungo la zovala zatsopano ndi maambulera onyowa. Zione anabwera. Diresi yabuluu imene tsopano ikumukhwepa. Anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala amayi oyamwitsa kuti azituluka msanga. Ellen kutsogolo ndi a Mvano anzake, bulauzi yoyera, duku loyera. A Bennet ndi amene ankajambulira Raphael.

Zinayenda bwino. Mngelo sanaiwale mawu. Nkhosa imodzi inakodza. Pamene Joan ankagoneka chitsononkho m'bokosi muja munali kachetechete wachilendo, anthu akuyang'ana m'mabuku awo a nyimbo. Anzeru a kum'mawa anapereka mphatso zawo, botolo la mafuta odzola ndi zitini ziwiri zokuta pepala lonyezimira. Yosefe ndi Mariya anathawa ndi mwana kulowera kuchipinda chovalira abusa, kumene ndiko ku Ejipito kwathu.

Ndiye Herode. Marvin anakwiya mokoma, pilo wa pamimba akudumphadumpha, mpingo uli m'manja mwake. Anaponda pansi monga ndinamuuzira. Apa anayenera kutuluka. Sanatuluke. Anaima, mkono uli m'mwamba, asilikali kumbuyo kwake atagwira mfuti zawo zansungwi, n'kutembenukira kwa ine pambali pa guwa. Mpingo wonse ukudikira mawu amene umawadziwa pamtima.

Ndinayang'ana kumbuyo. Zione anali ataimirira. Sankatuluka. Ankandiyang'ana.

Ndinagwedezera Marvin mutu.

Lamulo linatuluka mpaka malata kulira. Asilikali anathamangira kumene kumakhala Betelehemu chaka chilichonse, n'kupezako angelo okhaokha, opanda kanthu m'manja. Anasokonezeka. Wina analanda mngelo mpweya chabe n'kuthawa nawo. Anthu kuseka. Atsikana akuyang'anana. Tisungeni yekha sanazengereze. Anavula mapiko, kuwaika pansi bwinobwino, kumasula nsalu yoyera ya ungelo n'kuimanga m'chiuno. Manja kunkhongo. Anayamba motsitsa, mmene amayambira agogo ake akamalowa pabwalo la maliro, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi. Mwana wanga ine. Ndinakuyembekeza ine. Wandisiya manja ali lende ine.

Phwete linakwera monga mwa nthawi zonse. Ndiye pansi pa phwetelo panamveka mawu ena. Poyamba ndinayesa mmodzi wa atsikana. Anali okhuthala, ochokera pansi pamimba, ngati chitseko chimene chakhala chotseka dzinja lonse. Kuseka kunazima benchi ndi benchi, kuyambira kumbuyo.

Zione anali pansi, pasimenti, atatambalala miyendo, akupukusa mutu.

Ellen anadzuka. Ndinadziwa kuti akukamutseka pakamwa, kumutulutsa. Anayenda kanjira konse ka pakati, nsapato zikugogoda, anthu akumupatsa njira. Atafika anaima pamwamba pa mwana wake. Anamasula duku, kulimanganso molimba. Kenako anakhala pansi pambali pake, namukumbatira, ndipo mawu amene anatuluka mwa mkazi wanga sindinawamvepo pa zaka zonse takhala limodzi.

Anatsatira a Marjorie. Kenako mayi wina wokalamba wa ku Chikwawa amene sindimudziwa dzina. Kenako ena, mmodzimmodzi, kuchoka m'mabenchi, kukakhala pansi kumbuyo kuja. Mayi ake a Roy, mwana ali kumsana. Amayi amene ndawadziwa zaka zambiri, amene ndinkayesa kuti ndikudziwa chiwerengero cha ana awo. Sankalira Zione yekha. Ena ankatchula zaka. Wina ankangoti awiri, awiri, awiri.

Abusa anaimirira, anatsegula pakamwa, anakhalanso pansi. Amunafe tinaweramitsa mitu monga timachitira panja pa nyumba ya siwa. Herode anavula chisoti. Tisungeni anali atasiya kalekale, ataima pakati pa kanjira, chala m'kamwa, akuopa kuti walakwa. Ndinapita kukamunyamula. Ndinamuuza kuti wachita bwino.

Sindikudziwa zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pamapeto pake mayi wina anayambitsa nyimbo, osati ya Khirisimasi, ya pamaliro, ndipo tonse tinaimba. Joan anasuzumira kuchokera ku Ejipito kufunsa ngati abwerere. Sewero silinathe. Palibe anafunsa.

Lachiwiri, 26 Disembala

Ena akuti zinali zosayenera pa tsiku lachikondwerero. Mkulu wa mpingo mmodzi akufuna tikakambirane Khirisimasi ikadutsa. Tikakambirana. A Bennet akufunsa ngati atumize kanema yense kwa Raphael kapena adule kumapeto. Ndati asadule. Mwini wake, Raphael, anatero kale.

Ellen wagona mpaka dzuwa kukwera, chinthu chimene sachita. Atadzuka anati ngati Zione sadzaberekanso, mlandu ndi wa tonse awiri. Ndinavomera. Anati mantha sanamuchoke. Ndinati inenso. Anandithirira tiyi.

Zione wadya mpunga wotsala dzulo, mbale yonse, ataima pakhomo la khitchini. Maso otupa, mawu osasa. Ine ndinali pakhonde, ndikuchotsa udzu m'bokosi kuti ndilibweze kudenga. Anabwera kudzakhala pa sitepe, nagwira mwendo uja ndinaukhoma, kuugwedeza. Sunagwedere.

"Anali wamkazi, adadi," anatero. "Chipumi chanu chomwechi. Tsitsi lambiri."

Ndinafunsa ngati anamunyamula. Anati pang'ono, asanamutenge. Anali wofunda.

Wamkazi. Akanagonamo bwinobwino, ngati mayi ake.

Lachitatu, 27 Disembala

Mvula yagwa mpaka m'bandakucha, tsopano yakata. Bokosi sindinalikweze kudenga, likadali pakhonde. Kuntchito ndatumiza uthenga kuti ndichedwa.

Ellen wangolowa kumene, chitenje chakale, nsapato zapulasitiki. Zione ali kale pachipata, wathyola maluwa a pampanda. Ndinafunsa kuti akupita kuti m'mawa muno. Ellen anayang'ana mapazi anga.

"Valani majombo, bambo a Zione. Kumene tikupitako kuli matope."